Kuonetsa Chiŵerengero cha Anthu pa Tchati

M'mwezi wa Seputembala chaka cha 2018, anthu otumidwa ndi Boma anayenda khomo ndi khomo m'midzi ndi m'mizinda yonse ya dziko la Malaŵi. Akafika pakhomo ankapereka moni, ndipo akapatsidwa pokhala ankayamba kufunsa mafunso. Ankafuna kudziŵa kuti m'nyumbamo mumagona anthu angati, amuna ndi angati, akazi ndi angati, aliyense ali ndi zaka zingati, ndiponso ana amene amapita kusukulu ndi angati. Mayankho onse ankawalemba m'timakina ta m'manja. Ntchito imeneyi imatchedwa kalembera wa anthu ndi nyumba.

Kalembera amayendetsedwa ndi ofesi ya Boma yoona za ziŵerengero, yotchedwa National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba. Kalembera woyamba, dziko lino litalandira ufulu wodzilamulira, anachitika m'chaka cha 1966. Kuchokera pamenepo wakhala akuchitika pakapita zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi. Zimene anapeza ndi izi:

1966: anthu 4,039,583
1977: anthu 5,547,460
1987: anthu 7,988,507
1998: anthu 9,933,868
2008: anthu 13,077,160
2018: anthu 17,563,749

Kodi n'chifukwa chiyani Boma limavutika kuŵerenga anthu chotere? Mayi wanzeru asanatape ufa m'dengu amayamba wadziŵa kuti odzadya nsimayo ndi angati. Akapanda kutero ena amagona ndi njala, kapena nsima imatsala n'kuonongeka. Boma nalonso liyenera kudziŵa kuchuluka kwa anthu lisanamange sukulu, lisanatumize mankhwala kuzipatala, lisanakumbe mijigo, ndiponso lisanagaŵe chakudya m'chaka cha njala.

Koma kuŵerenga anthu ndi chiyambi chabe cha ntchito. Manambala ali pamwambaŵa ndi aataliatali, ndipo maso amatopa nawo msanga. Munthu akhoza kuwaŵerenga kaŵiri kapena katatu koma osaona bwino m'mene anthu achulukira. N'chifukwa chake manambala otere amasandutsidwa chithunzi chimene munthu angachimve pongochiyang'ana. Chithunzi chimenechi chimatchedwa tchati, ndipo pa phunziro la masamu chimatchedwanso galafu.

Tchati cha nsanamira

Tchati chosavuta kujambula ndi cha nsanamira. Munthu amene anafalitsa tchati cha mtundu umenewu ndi William Playfair wa ku Scotland, m'buku limene anasindikiza m'chaka cha 1786. Pa tchati chimenechi nambala iliyonse imaimiridwa ndi nsanamira yake. Nambala yaikulu imakhala ndi nsanamira yaitali, yaing'ono imakhala ndi nsanamira yaifupi.

Wojambula amafunika pepala, pensulo yosongoka ndi rula. Poyamba amapeputsa manambala aja. M'malo mwa 4,039,583 amatenga mamiliyoni 4, popeza ndiyo nambala yosavuta yoyandikana nayo. Akatero ndi manambala enawo amapeza mamiliyoni 5 ndi theka, mamiliyoni 8, mamiliyoni 10, mamiliyoni 13, ndi mamiliyoni 17 ndi theka.

Kenaka amasankha muyeso. Muyeso wabwino pano ndi wakuti sentimita imodzi iimire anthu miliyoni imodzi. Akausankha muyesowo saloledwa kuusintha kufikira tchati chonse chitatha.

Atatero amalemba mizere iŵiri ndi rula. Mzere wina umagona m'munsi mwa pepala, ndipo wina umaimirira kumanzere. Pamene mizereyi yakumana amalembapo 0. Pa mzere woimirira amaika timadontho totalikirana sentimita imodzi, n'kulemba 1, 2, 3, mpaka 18, ndipo pambali pake amalemba kuti "Anthu m'mamiliyoni". Kunsi kwa mzere wogona amalemba zaka zisanu ndi chimodzi zija motsatana, kuyambira 1966 kumanzere kufikira 2018 kumanja.

Tsono amaimika nsanamira. Ya 1966 imatalika masentimita 4, ya 1977 masentimita 5 ndi theka, ya 1987 masentimita 8, ya 1998 masentimita 10, ya 2008 masentimita 13, ndipo ya 2018 masentimita 17 ndi theka. Nsanamira zonse zimakhala zofanana m'lifupi, ndipo mipata ya pakati pake imakhalanso yofanana. Chosiyana ndi kutalika kokha, chifukwa kutalikako ndiko kukunena za kuchuluka kwa anthu.

Tchati chikatha, nsanamirazo zimaoneka ngati makwerero. Ngakhale munthu wosadziŵa kuŵerenga manambala aakulu amaona yekha kuti anthu akhala akuchuluka pa kalembera aliyense. Akayerekeza nsanamira yoyamba ndi yotsiriza amaona kuti yotsirizayo ndi yaitali koposa kanayi. Zimenezi zikutanthauza kuti pa zaka 52 zokha, pamene panali munthu mmodzi panadzakhala anthu oposa anayi, chonsecho dziko silinakule.

Tchati chonama

Tchati chikhoza kunama ngakhale manambala ake ali oona. Bodza lake limachokera m'kajambulidwe. Chitsanzo chabwino ndi chiŵerengero cha anthu m'zigawo zitatu za dziko lino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 2,289,780 m'Chigawo cha Kumpoto, anthu 7,523,340 m'Chigawo cha Pakati, ndi anthu 7,750,629 m'Chigawo cha Kummwera.

Wojambula woyambira pa 0 amapeza kuti nsanamira ya Kumpoto ndi yaifupi, pamene ya Pakati ndi ya Kummwera zatsala pang'ono kulingana. Zimenezo ndi zoona, pakuti pa anthu 100 alionse a m'Chigawo cha Pakati, m'Chigawo cha Kummwera munali anthu 103 okha.

Koma wojambula wina, pofuna kuyerekeza zigawo ziŵiri zazikuluzo, akhoza kuona kuti nsanamira zikudya malo ambiri papepala. Ndiye m'malo moyambira pa 0 n'kuyambira pa 7,500,000. Akatero, nsanamira ya Pakati imangoonetsa anthu 23,340 otsalira pamwamba pa nambalayo, pamene ya Kummwera imaonetsa anthu 250,629. Nsanamira ya Kummwera imatalika koposa kakhumi kuyerekeza ndi inzake. Woona tchaticho amachoka akukhulupirira kuti m'Chigawo cha Pakati muli anthu ochepa zedi.

Zili ngati amuna aŵiri a msinkhu wosasiyana kwenikweni ataima kuseri kwa mpanda wa udzu. Wina akungooneka tsitsi lokha, pamene mnzake akuoneka mutu wonse. Munthu wodutsa panjira akhoza kuganiza kuti winayo ndi chimphona, koma atazungulira mpandawo n'kuwaona kuyambira kumapazi, amapeza kuti asiyana pang'ono chabe. Kuyambira pa 0 ndiko kuwaona anthuwo kuyambira kumapazi.

Cholakwa chimenechi si chaching'ono. Akuluakulu ogaŵa mabuku, madesiki ndi mankhwala amakhala ndi ntchito yambiri, ndipo nthaŵi zina amangoyang'ana tchati osaŵerenga manambala onse. Tchati chikawasokeretsa, ana a dera lina akhoza kusoŵa mabuku, ndipo odwala a dera lina akhoza kubwerera kuchipatala opanda mankhwala. Choncho lamulo lalikulu la tchati cha nsanamira ndi lakuti nsanamira zonse ziyambire pa 0.

Tchati cha zithunzi

Mtundu wina wa tchati ndi wa zithunzi. M'malo mwa nsanamira wojambula amandandalika tianthu ting'onoting'ono m'mizere. Kanthu kalikonse kamaimira nambala imene wojambulayo wasankha. Tchati chotere chimakondweretsa ana ndi akulu omwe, chifukwa poyang'ana tianthuto munthu amakumbukira kuti nkhani yake ndi ya anthu.

Mizinda inayi ya dziko lino ikhoza kuonetsedwa motere. M'chaka cha 2018 mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318, mu Blantyre anthu 800,264, mu Mzuzu anthu 221,272, ndipo mu Zomba anthu 105,013. Wojambula akanena kuti kamunthu kamodzi kaimire anthu 100,000, mzere wa Lilongwe umakhala ndi tianthu 10, wa Blantyre tianthu 8, wa Mzuzu tianthu 2, ndipo wa Zomba kamunthu kamodzi. Pansi pa tchaticho amalemba mawu otanthauzira akuti, "Kamunthu kamodzi kakuimira anthu pafupifupi 100,000". Mawu ameneŵa akasoŵa, mlendo akhoza kuseka poganiza kuti mu Zomba mumakhala munthu mmodzi yekha.

Tianthu tonse tiyenera kukhala tofanana kukula kwake. Lamulo limeneli analilimbikitsa kwambiri ndi Otto Neurath ndi anzake mumzinda wa Vienna, ku Austria, m'zaka za m'ma 1920. Iwo ankajambula matchati ophunzitsa anthu wamba, ndipo ankaphunzitsa kuti nambala yaikulu isaonetsedwe ndi chithunzi chachikulu, koma ndi zithunzi zambiri zofanana. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mu Blantyre munali anthu ochuluka pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa mu Zomba. Wojambula atati ajambule chimunthu chimodzi cha Blantyre chotalika kasanu ndi katatu kuposa kamunthu ka Zomba, chimunthucho chingakulenso kasanu ndi katatu m'lifupi kuti chioneke ngati munthu. Pamenepo chingadye malo okwanira tianthu 64, ndipo maso angakhulupirire zinthu zimene manambala sananene.

Tchati chozungulira

Mtundu wachitatu ndi tchati chozungulira, chimene William Playfair yemwe uja anachionetsa m'chaka cha 1801. Tchatichi chimafanana ndi chigumu chimene chadulidwa kuchokera pakati kuti chigaŵidwe. Chigumu chonse chimaimira anthu onse, ndipo chibenthu chilichonse chimaimira gulu lina la anthuwo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse, 84 ankakhala m'midzi ndipo 16 ankakhala m'matauni. Wojambula amavindikira mbale papepala n'kuzunguliza pensulo m'mbali mwake. Kenaka amagaŵa bwalolo m'zibenthu zisanu ndi chimodzi zofanana. Chibenthu chimodzi amachipaka mtundu wina n'kulembapo kuti "M'matauni", ndipo zisanu zotsalazo amazipaka mtundu umodzi n'kulembapo kuti "M'midzi". Izi zimayandikira kwambiri manambala aja. Woona tchaticho amadziŵa nthaŵi yomweyo kuti anthu ambiri a dziko lino anapezeka m'midzi.

Tchati chozungulira chimayenera pokhapokha zibenthu zake zikaphatikizidwa zikupanga chinthu chimodzi chathunthu. Zaka zisanu ndi chimodzi za kalembera zija sizingaikidwe pa tchati chotere, chifukwa anthu a 1966 ndi a 2018 si zibenthu za chigumu chimodzi. Ndiponso zibenthu zikachuluka, kapena zikayandikana kukula kwake, maso amalephera kuzisiyanitsa. M'chaka cha 2018 amuna analipo 8,521,460 ndipo akazi analipo 9,042,289, ndiye kuti amuna 49 ndi akazi 51 pa anthu 100 alionse. Pa tchati chozungulira zibenthu ziŵirizo zimaoneka ngati zofanana, motero wojambula ayenera kulemba 49 ndi 51 pa zibenthuzo kuti woona adziŵe chachikulu.

Zofunika pa tchati chilichonse

Tchati chilichonse chiyenera kukhala ndi mutu pamwamba. Mutuwo umayankha mafunso atatu: zaŵerengedwazo ndi chiyani, n'za kuti, ndipo n'za chaka chiti. Mutu wakuti "Anthu" ndi wopereŵera. Mutu wakuti "Chiŵerengero cha anthu m'mizinda inayi ya Malaŵi m'chaka cha 2018" ndi wokwanira. Chaka sichiyenera kuiŵalika, chifukwa ana amabadwa tsiku ndi tsiku, anthu ena amamwalira, ndipo ena amasamuka. Tchati chopanda chaka chikhoza kutengedwa ngati cha lero pamene chikunena zakale.

Nsanamira iliyonse, mzere uliwonse ndi chibenthu chilichonse zilembedwe dzina mwa zilembo zooneka bwino. Pansi pa tchati palembedwe kumene manambalawo achokera, monga "Kalembera wa 2018", kuti wokayika akafufuze yekha. Mitundu yopaka ikhale yochepa, iŵiri kapena itatu, ndipo maluŵa ndi zokongoletsa zina zisaikidwe, chifukwa zimachotsa maso pa nkhani yeniyeni. Tchati chimodzi chinene nkhani imodzi. Wofuna kunena za zigawo ndi za mizinda ajambule matchati aŵiri.

Ntchitoyi imafuna kufatsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula akamaliza amayezanso nsanamira zake ndi rula n'kuziyerekeza ndi manambala. Kenaka amapereka tchaticho kwa munthu amene sanachionepo, monga mng'ono wake kapena agogo ake, osawafotokozera kanthu. Iwo akatha kunena okha zimene tchaticho chikuonetsa, ndiye kuti chajambulidwa bwino. Akafunsa mafunso ambiri, ndiye kuti pali pofunika kukonza.

Tchati chojambulidwa bwino chinathandizapo kupulumutsa miyoyo. Pa nkhondo ya ku Crimea, imene inamenyedwa kuyambira 1853 kufikira 1856, namwino wina wa ku Britain, dzina lake Florence Nightingale, ankasamalira asilikali odwala ndi ovulala. Nkhondo itatha iye anasanthula manambala a asilikali amene anamwalira, ndipo m'chaka cha 1858 anawaonetsa pa tchati. Tchaticho chinaonetsa poyera kuti asilikali ambiri sanafe ndi mabala a kunkhondo, koma ndi matenda opeŵeka monga kolera ndi kamwazi. Zimenezi zinathandiza akuluakulu a dziko lake kumvetsa kufunika kwa ukhondo m'zipatala ndi m'misasa ya asilikali.

Kalembera wa 2018 anapezanso kuti pafupifupi theka la anthu onse a m'Malaŵi anali ana osakwana zaka 18. Pa tchati chozungulira ana ameneŵa amatenga theka la bwalo lonse. Theka limenelo likufuna zipinda zophunziriramo, aphunzitsi, mabuku ndi zipatala, ndipo m'tsogolo lidzafuna minda ndi ntchito. Ana amene akuphunzira kujambula matchati lero ndiwo adzaŵerenge anthu pa kalembera wa m'tsogolo, ndipo ena mwa iwo adzakhala m'maofesi ogaŵa zinthu za dziko. Mwana amene waphunzira kuyambira pa 0, kusunga muyeso umodzi ndi kulemba mutu wokwanira adzajambula matchati onena zoona, ndipo wina akadzamuonetsa tchati chonama adzachizindikira.

Mawu ofunika kuwadziŵa

kalembera: ntchito yoŵerenga ndi kulemba anthu onse a m'dziko
chiŵerengero: kuchuluka kwa anthu kapena zinthu zitaŵerengedwa
tchati: chithunzi choonetsa manambala m'njira yosavuta kumva
nsanamira: mtengo woimirira wochirikiza denga, pa tchati, chojambula choimirira choimira nambala
muyeso: kutalika kumene kwasankhidwa kuti kuimire nambala ina
chibenthu: mbali yodulidwa pa chinthu chathunthu
kusanthula: kufufuza chinthu mofatsa, mbali ndi mbali

Yankhani mafunso aŵa m'ziganizo zomveka bwino

1. Kodi ofesi imene imayendetsa kalembera ili ndi likulu lake kuti?
2. Tchulani zifukwa zitatu zimene Boma limaŵerengera anthu.
3. Kodi anthu anaonjezeka ndi angati kuchokera mu 2008 kufikira mu 2018?
4. N'chifukwa chiyani nsanamira zonse ziyenera kuyambira pa 0?
5. Fotokozani m'mawu anuanu fanizo la amuna aŵiri oima kuseri kwa mpanda.
6. Ngati kamunthu kamodzi kakuimira anthu 100,000, kodi tianthu 6 tikuimira anthu angati?
7. N'chifukwa chiyani zaka za kalembera sizingaikidwe pa tchati chozungulira?
8. Tchulani mafunso atatu amene mutu wa tchati uyenera kuyankha.
9. Kodi tchati cha Florence Nightingale chinaonetsa chiyani?
10. Kodi mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito

(a) Jambulani m'makope mwanu tchati cha nsanamira choonetsa chiŵerengero cha anthu a m'Malaŵi kuyambira 1966 kufikira 2018. Sentimita imodzi iimire anthu miliyoni imodzi.

(b) Jambulani tchati cha zithunzi cha mizinda inayi imene yatchulidwa m'nkhaniyi. Musaiŵale mutu ndi mawu otanthauzira.

(c) M'magulu, pemphani kwa aphunzitsi anu chiŵerengero cha ana a m'kalasi iliyonse ya pasukulu panu. Gwirizanani muyeso, jambulani tchati cha nsanamira pa pepala lalikulu, ndipo muchipachike pakhoma. Itanani ana a m'kalasi ina kuti anene zimene akuona.

(d) Pangani ziganizo zanu ndi mawu aŵa: kalembera, muyeso, chibenthu, kusokeretsa, kufatsa.